Tsiku limodzi pa Munda Biddi: kupalasa njinga ndi amalume

Lero ndikusimbirani za ulendo wa panjinga, ndipo muli mawu angapo oti mutolepo. Mukasochera, bwezani pang'ono mumvetserenso.

Njira ya Munda Biddi imayambira ku Mundaring, kumapiri a kum'mawa kwa Perth, n'kukathera ku Albany. Ndi yotalika makilomita opitirira 1,000 ndipo inamalizidwa yonse mu 2013. Dzinali ndi la m'chinenero cha anthu a mtundu wa Noongar, eni nthaka ino, ndipo limatanthauza njira yodutsa m'nkhalango. Ife sitinafune kuimaliza yonse ayi. Tinapangana zoyenda masiku atatu basi, kuyambira ku Jarrahdale kulowera kummwera.

Tinalipo asanu ndi atatu: asanu ndi awiri obadwira kapena kukulira konkuno, ndi amalume anga. Tinakumana ku Cannington m'mamawa, n'kukweza njinga pangolo ya galimoto. Tinatsata msewu wa Albany Highway mpaka ku Armadale, kenako tinakhota kulowera ku Jarrahdale, katauni kamene kanayamba ndi ntchito yocheka matabwa m'zaka za m'ma 1870.

Tisanakwere, amalume anaika lamulo: m'nkhalango muno Chingerezi chatsala m'galimoto. Ali mnyamata ankapalasa kabaza ku Salima. Kabaza, kwa amene simunapiteko kumudzi, ndi njinga yonyamula anthu, munthu amakhala pakaliyala kumbuyo n'kulipira akafika. Ndiye anayamba kuloza chimodzichimodzi, ife n'kumabwereza ngati ana a sitandade 1. Chogwira m'manja ndi chiwongolero. Pokhalira ndi pachishalo. Pali tcheni, mabuleki, tayala ndi chubu cha m'kati mwake. Mpweya ukathamo timati tayala laphwa, ndipo umatenga mpope n'kupopa.

Chimene chimazunza anthu kumpoto kwa njirayi ndi timiyala. Dothi la kumapiriwa ladzaza timiyala tofiirira, tobulungira ngati nandolo, ndipo ukamanga buleki mwamphamvu tayala limangoserereka. Pokwera chitunda ndiye zimanyanya: umapalasa koma njinga osasuntha. Amalume, amene ananyamulapo matumba a chimanga panjinga yopanda magiya, anangoti, "Koma iyi si njira, mphwanga, ndi mphasa ya nandolo!" Tinaseka, koma onse tinatsika n'kumakankha.

Nkhalango yake ndi ya mitengo ya jarrah ndi marri, yaitali ndithu. M'dera limeneli muli matenda a mitengo otchedwa dieback, amene amaoletsa mizu ndipo amafalikira ndi dothi lonyowa lomata kumatayala ndi kunsapato. N'chifukwa chake wapanjinga sayenera kupatuka panjira yoikidwa, ndipo matope amawachotsa asanalowe kwina. Amalume anachita chidwi kuti anthu amaopera mitengo chonchi. Anatiuza kuti kwawo ali mwana phiri linali ndi mitengo yowirira, koma yambiri inapita ndi makala.

Cholinga chathu chinali kukagona ku Dwellingup, tauni imene inapsa kwambiri ndi moto wa m'tchire mu Januwale 1961 n'kumangidwanso. Kumeneko kunali bedi, madzi otentha ndi chakudya chogula. Koma titatsikira kumtsinje wa Serpentine n'kukweranso tsidya linalo, ndinaona amalume akutsalira. Sanadandaule. Ankangoima pafupipafupi, ati akuona mbalame.

Masana tinafika pa Dandalup, pomwe pali chisakasa cha apanjinga. Zisakasa zoterezi zilipo zingapo m'njira yonseyi: muli malo oyala pogona, thanki ya madzi a mvula ndi chimbudzi, koma mulibe sitolo kapena magetsi. Apa m'pamene panavuta. Achinyamata ena ankati tikafulumira tikafika ku Dwellingup kusanade. Amalume anati, "Pitani ana anga, ine ndibwera pang'onopang'ono." Miyendo yawo inali kunjenjemera, ndipo foni pamenepo imagwira mwa apo ndi apo.

Tinakhala duu. Amene anayankha ndi mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene kawirikawiri amachita manyazi kulankhula Chichewa poopa kusekedwa. Anati, "Ayi amalume, ife sitisiya munthu. Tigona pano." Mawu ake anali ophweka, katchulidwe kake ka ku Australia, koma palibe anatsutsa. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anangoti, "Zikomo, mwana wanga."

Tinawiritsa madzi a m'thanki pakasitovu ka gasi, tinaphika nsima yochepa ya ufa umene azakhali anatipakira, ndiwo yake nsomba za m'chitini. Chisakasacho chili m'mphepete mwa mapiri, ndiye dzuwa likulowa tinkaona chigwa chonse chimene chimatsikira kunyanja. Amalume anatiphunzitsa mwambi woti kuyenda awiri si mantha, ndipo anati pagulu liwiro limachokera kwa wofooka, ngakhale wamphamvu atafuna chotani. Kenako anasimba za makasitomala a ku Salima, mpaka tulo tinatigwira mmodzimmodzi.

Ngati mukufuna kukayesa, pitani pakati pa Seputembala ndi Novembala kapena nthawi ya Epulo ndi Meyi, chifukwa m'chilimwe cha kuno kumatentha koopsa ndipo moto wa m'tchire suchedwa kubuka. Valani chipewa cholimba, ndi lamulo. Tengani chubu chapadera, madzi okwanira, ndipo yezani ulendo wa tsikulo ndi miyendo ya amene amatsalira. Mlungu uno yesani kutchula ziwalo za njinga yanu m'Chichewa, ndipo mufunse makolo anu ngati kwawo amazitchula mosiyana. Tsalani bwino, tidzamvananso.