Chifukwa Ninji Thupi Silikumbukira Bwino Malungo?

Pali chinthu chimene aliyense achiona m'mudzi, koma ofunsa chifukwa chake ngowerengeka. Munthu akadwala chikuku kamodzi, sadwalanso moyo wake wonse. Koma malungo amgwira chaka chino, namgwiranso chaka chamawa, mwinanso kawiri katatu m'dzinja limodzi.

M'magazi mwathu muli maselo oyera, amene anthu awatcha asilikali a m'thupi. Kachilombo kakalowa, ena mwa iwo apanga mankhwala oyenerana ndi kachilombo komweko, monga kiyi ndi loko wake. Nthenda ikatha ambiri afa, koma otsalawo akhala m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa, nasunga maonekedwe a mdaniyo. Kukumbukira kwawo kufika patali ndithu. M'chaka cha 1846 chikuku chidagwa pa zilumba za Faroe, kumpoto kwa Ulaya, nichigwira anthu ngati 6,000. Dokotala Peter Panum adapeza nkhalamba 98 zimene zidadwala chikuku pa mliri wa 1781, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene idadwalanso, ngakhale padapita zaka 65.

Tsono malungo ngochenjera koposa. Udzudzu ukaluma munthu, tizilombo take tiyamba tabisala m'chiwindi ngati sabata imodzi. Pambuyo pake tilowa m'maselo ofiira a magazi, momwe tiswana ndi kutuluka masiku awiri ali onse. Kunja kwa selo lofiiralo kachilombo kaika chizindikiro chomatira nacho ku mitsempha, kuti kasapite ku kapamba kumene kakadaonongedwa. Asilikali aphunzira chizindikirocho. Koma kachilombo kamodzi kali nazo mitundu ngati 60, ndipo kazisintha monga mbala isintha malaya. Ngakhale tizilombo ta m'mudzi umodzi sitifanana zizindikiro zake. Chifukwa chake thupi liyenera kuphunzira malaya onsewo amodzi amodzi, ndipo sukulu yake ndiyo kudwala kumene.

Ndiye chifukwa chake ana ndiwo azunzika. M'chaka cha 1900 Robert Koch adaona ku New Guinea kuti m'midzi ya malungo ambiri tizilombo tichuluka m'magazi a ana, koma mwa akulu tichepa. M'chaka cha 1961 ku Gambia, Sydney Cohen ndi Ian McGregor adatenga mankhwala aja a asilikali m'magazi a akulu, nawapatsa ana odwala, ndipo tizilombo tidachepa msanga. Komatu musayese kuti wamkulu alibe malungo. Kawirikawiri ayenda nato tizilombo osamva kanthu, ndipo udzudzu utitenga kwa iye ndi kukatipatsa mwana wake yemwe.

Palinso vuto lina, ndilo kutopa. Asilikali adapangidwira nkhondo yokhala ndi mapeto, yoti ikatha apumule ndi kusunga zimene aphunzira. Koma kumene munthu alumidwa usiku ndi usiku, nkhondo siitha. M'chaka cha 2009 ofufuza adapeza ku Mali kuti mwa anthu okhala pakati pa malungo muchuluka maselo okumbukira a mtundu wachilendo, amene sadzuka msanga akaitanidwa. Komweko adaonanso kuti mankhwala amene thupi la mwana lipanga m'dzinja achepa kwambiri m'miyezi ya chilimwe, kotero kuti mvula ikabweranso, mwanayo ayambira pafupi ndi pamene adayambira chaka chatha. Chotsala chaka ndi chaka nchaching'ono, monga mlimi wokolola zochuluka amene nkhokwe yake idontha.

Chitetezo chopezeka movutikirachi chifookanso munthu akachoka kumene kuli malungo. Mwana wanu amene wakhala zaka ku Johannesburg, mzinda umene malungo safala, akabwera kudzacheza nayamba kutentha thupi, musanene kuti ndi wamkulu, apirira. Pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi tsiku lomwelo.

Chimodzimodzinso mtsikana wa mimba yoyamba. Pakati pa malaya aja pali amodzi omatira ku nsengwa, amene thupi lake silidawaonepo chibadwire. Motero magazi amchepera, ndipo mwana abadwa wochepa thupi. Pa mimba zotsatira thupi likhala litawadziwa. Ndicho chifukwa kusikelo apatsa amayi fansida ndi neti yogonamo.

Katemera wa malungo adayamba kuperekedwa kwa ana m'maboma ena a dziko la Malawi m'mwezi wa Epulo 2019, ndipo Ghana ndi Kenya adatsatira chaka chomwecho. Iye aphunzitsa asilikali kuzindikira kachilombo kasadakhazikike m'chiwindi, mwana osayamba wadwala. Koma naye mphamvu yake icheperachepera pakupita kwa miyezi. Mwana alandira katatu kuyambira ali ndi miyezi 5, ndipo kachinayi kadza atayandikira zaka ziwiri, nthawi imene ayenda yekha ndipo amayi ambiri aleka kupita naye kusikelo.