Boti la Alendo: Zimene Tingaphunzire kwa Anzathu a ku Chembe

Aliyense wa ife akudziwa banja limene mwana wake anapita ku Joni chifukwa makoka sakutulukanso ndi chambo monga kale. Ena mwa anyamatawa amabwerera ndi kandalama m'thumba, nafunsa akuluakulu kuti, "Kodi tiyambe chiyani?" Ambiri amagula injini ndi chilimira, ndipo potero amangowonjezera asodzi pa nyanja yotopa kale. Lero tifuna tione njira ina imene anzathu a ku Chembe, ku Cape Maclear, akhala akuitsata kwa zaka zambiri: kunyamula alendo pa boti kukawaonetsa nyanja.

Chimene mlendo amadzera

Mudzi wa Chembe uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene boma linakhazikitsa mu 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, chifukwa nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina. Zotchuka zedi ndi mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe makolo athu sankatiwerengera kwenikweni. Tinsomba timeneti ndi tomwe munthu amachokera ku Germany kapena ku Britain kudzationa.

Msodzi akagwira nsomba amaigulitsa kamodzi basi, koma mwini boti la alendo amagulitsa nsomba imodzimodziyo lero, mawa ndi chaka chamawa, iyo ili m'madzi momwemo. N'chifukwa chake lamulo limaletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku gombe la paki ndi la zilumba zake. Tsono amene alowa bizinesi imeneyi adziwe kuti mpamba wake weniweni ndi nsombazo, nkhwazi ndi madzi oyera. Boti n'chonyamulira chabe.

Poyambira pake

Tisathamangire kumanga nyumba zogona alendo. Zimenezo zimadya ndalama zambiri zisanabweze ngakhale tambala. Nzeru ndi kuyamba wagwira ntchito pa boti la wina kwa nyengo imodzi ya alendo, kuti udziwe mitengo, njira za pamadzi ndi makhalidwe a anthu obwerawo.

Ukafika pogula zako, pafunika boti lolimba lokhala ndi denga la mthunzi, injini yodalirika, nkhafi zapadera, majekete oyandamitsa okwanira munthu aliyense kuphatikizapo ana, magalasi oonera pansi pa madzi pamodzi ndi timapaipi take topumira, ndiponso kabokosi ka mankhwala a chithandizo choyamba. Amene ayamba ndi kupaka boti utoto wokongola majekete alibe, akuseweretsa miyoyo ya anthu imene anaikizidwa m'manja mwake.

Pali zikalatanso. Bizinesi ilembetsedwe kwa Registrar General, boti liyesedwe ndi a dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi, ndipo chiphaso chogwirira ntchito ndi alendo chitengedwe ku ofesi ya zokopa alendo. Mlendo aliyense wolowa m'paki amalipira, choncho mumuuze zisanachitike ngati ndalamayo ili m'kati mwa mtengo wanu kapena ayi. Mikangano yambiri ya pa gombe imayambira pa mtengo wosamveka bwino.

Chomaliza ndi mawu a pakamwa. Woperekeza alendo adziwe Chingerezi, komanso akhale ndi zonena. Adziwe zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndi malo a Otter Point. Adziwe kuti dzina loti Cape Maclear linachokera kwa David Livingstone, amene anatcha malowa dzina la bwenzi lake Thomas Maclear. Kuti amishoni a Livingstonia anayamba kukhala pamenepa mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa, ndi kuti manda a ena mwa iwo alipobe. Mlendo amene wamva mbiri yoona amakauza anzake, kapena kulemba dzina la boti lanu pa intaneti.

Miyezi yopanda alendo

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo akunja amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira Meyi kufikira Okotobala, ndipo ngakhale m'nyengo imeneyi mwera ukakula mu Juni ndi Julayi pamakhala masiku oti boti silingatuluke. Ngakhale mlendo akakamize ndi ndalama m'manja, mwini boti wanzeru amakana. M'dzinja gombe limakhala zii.

Zaka zapitazi zatiphunzitsanso zambiri. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka maulendo a ndege, ndipo maboti anakhala pamchenga miyezi yambiri. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, zipangizo za injini n'kukwera mtengo, pamene mafuta nawonso ankasowa. Mu 2024 nyanja inasefukira, madzi nalowa m'malo ambiri ogona alendo m'boma la Mangochi. Amene anamanga pamchenga penipeni ndiwo analira kwambiri.

Kotero ndalama ya tsiku lililonse igawidwe patatu: ya mafuta ndi kukonzetsa injini, ya pakhomo, ndi yosunga. Zonse zilembedwe m'buku madzulo omwewo. M'mabanja ambiri amayi ndiwo amaligwira bwino bukuli, ndipo abambo asachite nazo manyazi. Tisaiwalenso Amalawi anzathu. Ana asukulu, mabanja ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe pa Eid ndi pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, ndiponso khamu limene limatsikira kunyanja pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okotobala, amabwera ngakhale ndege zitaima.

Mafunso awiri amene mabanja athu amafunsa

Loyamba ndi la mowa. N'zoona kuti alendo ena amaufuna pa boti. Njira yabwino ndi kunena poyera pa nthawi yogwirizana mtengo kuti boti lanu silinyamula mowa, koma pali nsomba yowotcha, mpunga, zipatso ndi tiyi. Ena adzapita kwina, ndipo tisanamizane kuti palibe chotayika. Koma alipo makolo a ana ang'ono ndi aphunzitsi amene amafunafuna boti lotere, ndipo munthu woledzera pamadzi ndi ngozi kwa onse.

Lachiwiri ndi la mpamba. M'malo mwa ngongole ya chiwongoladzanja, abale awiri kapena atatu angathe kusonkherana, wina ndalama wina mphamvu zake, nagwirizana kagawidwe ka phindu. Pangano lilembedwe pamaso pa mboni, ndipo linenenso chochita bizinesi ikaluza. Chibale chambiri chatha chifukwa cha pangano la pakamwa.

Ana athu ndi gombe lathu

Ife amene timaphunzitsa ana timaona chinthu china. Kumene kuli alendo, ana amajomba kusukulu ndi kumadrasa kukatsata azungu ndi kupempha ndalama. Mwini boti asalembe ntchito mwana wasukulu, ndipo alendo ofuna kuthandiza awalozere kwa aphunzitsi kapena kwa mfumu. Mnyamata amene asiya sukulu lero sadzatha kulankhula ndi mlendo mawa, ndipo ntchito ya uperekezi idzapita kwa ochokera kwina.

Gombe nalo lisamalidwe. Mapulasitiki ndi kusowa kwa zimbudzi zimathamangitsa alendo, ndipo kusowa kwa zimbudziko kumafalitsanso likodzo ndi kolera pakati pa ife eni. Ndipo wina akabwera ndi ndalama kufuna malo a banja a m'mbali mwa nyanja, tiganize kawiri. Kubwereketsa kwa zaka zowerengeka, molemberana ndi motsata malamulo, kumasiyira zidzukulu pokocheza boti.

Mwana wanu akabwera kuchokera ku Joni n'kufunsa choyamba, musamuyankhe msanga. Mupatseni ya basi apite ku Monkey Bay, akatsikire ku Chembe, akakhale sabata imodzi pa gombe akuona ndi kufunsa. Akabwerako mukhale pansi, pensulo ndi pepala m'manja, muwerengere pamodzi.