Ireland, dziko limene linatitumizira ansembe, tsopano likusowa ansembe

Ambiri a ife, ngakhale sitili Akatolika, tinadutsapo m'manja mwa anthu a ku Ireland, kaya kusukulu kaya kucipatala ca mishoni. Ansembe a Capuchin a ku Ireland anafika ku Livingstone mu 1931. Bishopu woyamba wa Monze, James Corboy, anali wa kumeneko. Bambo Michael Kelly, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Zambia nalimbana kolimba ndi matenda a Edzi, anabadwira ku Tullamore, namwalira ku Lusaka mu 2021. Motero tikamva kuti ku Ireland tsopano wansembe mmodzi wokalamba akuyang'anira maparishi awiri kapena atatu, tiyenera kufunsa kuti cacitika n'ciani.

Masukulu ophunzitsa ansembe anatsekedwa imodzi ndi imodzi. All Hallows ya ku Dublin, imene inakhazikitsidwa mu 1842 kuti itumize ansembe kumaiko akutali, inatsekedwa mu 2016. Yatsala ndi seminale ya ku Maynooth, yokhazikitsidwa mu 1795. Kale inali ndi ophunzira oposa 500, koma lero ali makumi ocepa cabe.

Kuti timvetse kuwawa kwa nkhaniyi, tidziwe ciphunzitso ca abale athuwa. Kwathu abusa akakhala kutali, mkulu wa mpingo kapena mlaliki amaimirira, nawerenga Mau, nalalikira, ndipo timabwerera kunyumba titapemphera mokwanira. Kwa Akatolika cimake ca cipembedzo ndi Misa. Iwo amakhulupirira kuti pa Misa mkate ndi vinyo zisandulika thupi ndi mwazi weniweni wa Khristu, ndipo amene angacite mwambowo ndi wansembe wodzozedwa ndi bishopu yekha basi. Kumva kulapa ndi kudzoza odwala, nazonso ndi nchito za wansembe. Dikoni angathe kubatiza, kudalitsa ukwati ndi kutsogolera maliro, koma Misa ai. Wansembeyo ayenera kukhala mwamuna, monga anatsimikizira Papa John Paul II mu 1994, ndipo mwa lamulo la mpingo wa ku Roma sakwatira. Akatolika a m'midzi ya ku Zambia anazolowera kupemphera ndi katekisti poyembekezera wansembe. Ku Ireland anazolowera Misa tsiku ndi tsiku, pafupi ndi khomo.

Cikatolika cinazika mizu kumeneko cifukwa ca masautso. Pansi pa ulamuliro wa Britain panali nthawi imene ansembe anali kusakidwa, ndipo anthu anali kucita Misa mobisa pa miyala ya kuthengo. Kukhala Mkatolika ndi kukhala mwana wa Ireland zinasanduka cinthu cimodzi. Ufulu utabwera mu 1922, boma linasiya masukulu, zipatala ndi nyumba za ana amasiye m'manja mwa mpingo. Papa John Paul II atafika ku Dublin mu 1979, anthu oposa miliyoni imodzi anasonkhana pa Phoenix Park. Papa Francis atacita Misa pamalo omwewo mu 2018, sanafike 200,000. Pa kalembera wa 2011, anthu 84 pa 100 aliwonse anati ndi Akatolika. Mu 2022 anali 69, ndipo 14 anati alibe cipembedzo.

Ena amati cuma ndi maphunziro ndizo zinacotsa anthu m'chalichi, monga m'maiko ena a ku Ulaya. Zimenezo zilipo, koma ife tiona kuti bala lalikulu linacokera mkati. Mu 2009 munatuluka malipoti awiri. La Ryan linaulula nkhanza ndi cigololo cocitidwa pa ana m'masukulu oyendetsedwa ndi magulu a ansembe, mabulaza ndi masisitere. La Murphy linaonetsa kuti akuluakulu a dayosizi ya Dublin anabisa milandu ya ansembe kwa zaka zambiri pofuna kuteteza dzina la mpingo. Wolakwa anali kungosamutsidwira ku parishi ina, kumene kunalinso ana. Atsikana otenga mimba asanakwatiwe, ndi ena oyesedwa ocititsa manyazi, anali kutsekeredwa m'nyumba zocapiramo zovala zochedwa Magdalene, nagwira nchito yopanda malipiro. Yotsiriza inatsekedwa mu 1996, ndipo nduna yaikulu Enda Kenny anapepesa m'dzina la boma mu 2013. Ku Tuam, mai wina wofufuza mbiri, Catherine Corless, anapeza maina a ana 796 amene anafera m'nyumba ya masisitere pakati pa 1925 ndi 1961, popanda kalata yonena kumene anaikidwa. Tisafulumire kuloza cala: ana ambiri anaferanso ku Bethany Home, nyumba ya Aprotestanti ku Dublin, naikidwa m'manda opanda cizindikiro.

Kucokera apo mau a mabishopu analeka kulemera pa nkhani za dziko. Mu 2015 anthu anavomera pa voti maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha, ndipo mu 2018 anacotsa lamulo loletsa kutaya mimba, mpingo utakana zonse ziwiri.

Komabe si kuti cikhulupiriro cinatha. Masukulu a pulaimale pafupifupi 9 pa 10 akali pansi pa mpingo wa Katolika, ndipo makolo ambiri osapita ku Misa amafunabe kuti ana ao abatizidwe ndi kulandira mgonero woyamba. Izi zimavutitsa ansembe ena, amene amaona chalichi itadzaza tsiku la mwambo, sabata yotsatira mipando yokhayokha. Anthu amapitabe kukapemphera ku Knock, nakwera phiri la Croagh Patrick mwezi wa July, ena osavala nsapato.

Mpingo ukuyesa njira zingapo. Madikoni okwatira oyamba anadzozedwa ku Dublin mu 2012. Maparishi akuphatikizidwa. Mu 2021 mabishopu anayamba ulendo wa sinodi, womvetsera anthu wamba, ndipo ambiri anapempha kuti akazi apatsidwe malo m'utsogoleri ndi kuti lamulo la kusakwatira liganiziridwenso. Koma zimenezo si za mabishopu a ku Ireland kugamula, ndi za ku Roma. Ansembe a ku Nigeria, India ndi maiko ena akutumikira m'midzi imene kale inatumiza ana ake ku Africa.

Pamene kusinthaku kumvekera kwambiri ndi pa maliro. Anthu a ku Ireland amalemekeza maliro monga ife: mudzi wonse umabwera, amacezera, ndipo amaika patapita masiku awiri kapena atatu, ndi Misa. Ansembe ocepawo sangathenso kufika ponseponse, motero madayosizi angapo akuphunzitsa anthu wamba, amuna ndi akazi, kulandira mtembo m'chalichi ndi kutsogolera mapemphero kumanda.