Nsomba yojambula nayo chithunzi

Tinali m'bwato kuwoloka kupita ku Makhanga pamene mzungu wina amene anakhala patsogolo panga anatulutsa foni n'kuyamba kutionetsa chithunzi. Anali atakumbatira chinsomba chotalika ngati munthu. Ankati anachigwira pansi pa mathithi a Murchison ku Uganda, ndipo dzina lake ndi Nile perch. Kenaka anayang'ana mulu wa makakana umene unali m'beseni la mayi wina, n'kufunsa ngati mu Shire mulibe nsomba zenizeni.

Mkulu wopalasa anafunsa funso limodzi lokha: "Bwana, nanga anthu angati anadya?" Mzunguyo anati palibe. Anachiyeza pasikelo, n'kuchijambula, n'kuchibwezera m'madzi. Bwato lonse linangoti zii, mpaka mayi wa beseni uja anaphulika n'kuseka.

Ine sindinaseke, chinandiwawa. Chinsomba chakecho n'choona kuti chimatha kufika makilogalamu 200. Koma mbiri yake amaidziwa bwino ndi anthu a ku nyanja ya Victoria. Chinaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, ndipo pofika m'ma 1980 chinali chitameza mitundu yambirimbiri ya tinsomba tachibadwidwe ta m'nyanjamo. Lero mnofu wake umadulidwa m'mafakitale a ku Mwanza ndi Kisumu n'kukwera ndege ulendo wa ku Ulaya, eni nyanja n'kutsala akukazinga mitu ndi minga. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo aka kanameta ndi khungu lomwe.

Kwathu ku chigwa cha Shire nsomba saiyeza ndi sikelo, amaiyeza ndi m'phika. Dzuwa lisanatuluke, msodzi amakhala atalowa kale m'dambo la Elephant Marsh, limene Livingstone analipatsa dzinali mu 1859 ataona njovu zochuluka. Njovuzo zinatha, koma ng'ona ndi mvuu zikadalipo, ndipo amene amavuula mono m'bango amadziwa kuti dzanja lake likhoza kutsala komweko. Wina amaponya chavi ataimirira m'kabwato kogoba, wina amakankha namasupuni kuti apeze pamene anatchera machera dzulo. Amabwerako ndi mlamba, chikano ndi makakana. Madzulo utsi umati tolo pagombe, amayi akuwamba milamba imene mawa idzafike pamsika wa Bangula, mkuja ku Limbe. Ndalama yake ndiyo ya sopo, ya kuchigayo ndi ya yunifolomu ya mwana.

Agogo anga aamuna sankadya nsima ya mapira popanda mutu wa mlamba. Tsiku lina anandituma kukagula ndiwo, ine n'kubwera ndi nyama yambuzi poganiza kuti ndawalemekeza. Anangoiyang'ana n'kufunsa ngati Shire waphwa.

Ndipo asatinamize kuti zimphona kuno kulibe. Kumunsi kwa mathithi a Kapichira nsomba zathu ndi za mtundu wa ku Zambezi. Muli vundu amene amaposa makilogalamu 50, muli mcheni wa mano ngati misomali umene azungu omwewo amaulipirira madola ku Kariba. Kusiyana kwake n'kwakuti wogwira vundu kuno safuna kamera, amaitana anansi abwere ndi mipeni.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Maukonde a udzudzu akukokolola ndi ana a nsomba omwe, ndipo chiyambire madzi osefukira a 2015, pamene mtsinje wa Ruo unasintha njira, anthu a ku Makhanga akhala akuyambiranso moyo kangapo. Koma munthu amene madzi amulanda nyumba ndi munda, n'kubwerera kumadzi omwewo kukapempha ndiwo, sangaphunzitsidwe usodzi ndi wosewera.

Titafika tsidya, mzungu uja anali ndi njala. Pachisakasa china anamuikira nsima ndi mlamba wowamba wothira tomato. Anatsuka mbale ndi chala, n'kupempha wina. Chithunzi sanajambule.