Ndidikire pa Depoti: Gawo 5

M'gawo lapitali, Tadala adamaliza mutu wachisanu ndi chimodzi wa nkhani yachikondi ya Takondwa ndi Yamikani yomwe amalemba m'kope la hadikava, ndipo kopelo lidayamba kuyenda bedi ndi bedi m'hositelo ya atsikana a Fomu 4.

Magetsi adazima itangokwana 8 koloko, pulepu n'kuthera pomwepo. Chisanu cha June ku Dedza chidalowetsa ambiri m'mabulangete msanga, koma atsikana anayi adaunjikana pabedi la Tadala, tochi ili pakati. Mayeso a MSCE adali pakhomo, komabe usiku umenewo palibe adakhudza buku la Biology.

"Nkhani iyi ndi filimu yathunthu," adatero Mwayi akusisita kopelo. "Tadala, akadzabwera a Shemu Joyah kuti aijambule, Takondwa adzakhale ndani?"

"Inu, ndisiyeni. Nkhani yake sinathe n'komwe."

"Lily Banda," adalumphira Thoko. Kwawo kudali ku Wimbe, ku Kasungu, komwe adajambulira The Boy Who Harnessed the Wind, ndipo pankhani za kanema sankafuna womutsutsa. "Mudamuona ali Annie muja? Mmene amabisira chikondi chake ndi mphunzitsi uja, pakamwa ali duu koma maso akuulula zonse. Takondwa ndi wotero."

"Filimu ija idatuluka mu 2019," adayankha Mwayi. "Takondwa ali ndi zaka 17. Lily akhale mkulu wake wa ku Lilongwe uja, wotumiza sopo ndi malangizo. Ine ndikuti Hannah Sukali. Amene adaonera Fatsani akudziwa kuti mtsikana uja akalira, nawenso umapukuta m'maso."

Adakangana mpaka wa bedi lam'mwamba adawaopseza kuti akawanenera kwa amatironi. Za makolo zokha adamvana mosavuta. Mayi a Takondwa, ogulitsa mbatata ya kachewere pamsewu, adawapatsa Flora Suya, amene adasewera Sungisa mu Seasons of a Life. Azakhali aukali aja adagwera Joyce Mhango Chavula, yemwe filimu yake ya Lilongwe idapata mphoto ku Nigeria mu 2016. Thoko atati bambo a Takondwa akhale Manganya wa mu Tikuferanji, onse adaseka m'mapilo.

"Anthu azidzangoseka pomwe akuyenera kulira," adatero Tadala, naye akuseka.

Chisomo, mnzake wa pondaapanepondepo, adangokhala pambali atafunda chitenje pamwamba pa juzi. Adali atangotuluka kumene kuchipinda cha odwala komwe malungo adamugoneka, motero mutu watsopanowo adali asadauwerenge.

"Tafika pa mwini filimu tsopano," adatero Mwayi. "Yamikani."

Apa padavuta. Thoko adatchula Maxwell Simba, amene adasewera William Kamkwamba, koma Mwayi adakaniratu.

"Ndi wa ku Kenya ameneyo. Adayesetsa, koma Chichewa chake chimamveka chochita kuphunzira. Ukufuna mawu a Yamikani pa depoti paja adzatuluke choncho? Ayi, akhale wathu womwe."

Adatchula oimba, adatchula a m'masewero a pa kanema, koma aliyense adali ndi chomuchotsera. Wina wakula kwambiri, wina ngwodzimva. Sadalakwe atsikanawa. Anyamata ndi atsikana odziwa kusewera msinkhu umenewu sapezeka kawirikawiri pa kanema wathu. Ali m'maholo a sukulu, m'mipikisano ya zisudzo ya ATEM, komwe amaliza anthu misozi tsiku limodzi, akamaliza Fomu 4 n'kuiwalika.

Mwayi adatsegula kope n'kuwerenga pang'onopang'ono. "Wamtali, wamanzere, chipsera pamwamba pa diso, akamaseka amagwira khutu. Tadala, munthu ameneyu udamulemba bwino moti ndikumuona."

"Nanenso ndikumuona," adatero Thoko, akuwomba m'manja mwakachetechete. "Tikuvutikiranji? Si Limbani uyu? Wa kusukulu ya anyamata uja adasewera mwana wa mfumu ku ATEM chaka chatha. Wamanzere, chipsera chilipo. Chisomo, tibwereke bwenzi lako tijambule filimu!"

Mwayi adaseka. Tadala sadaseke. Adatambasula dzanja kuti atenge kope, koma Chisomo adali atafika kale.

"Anyamata amanzere ndi ambiri," adatero Tadala, mawu akumuthawa.

"N'zoona," adayankha Chisomo mofatsa. "Bweretsa tochi, Thoko. Ndiwerengeko mutu womwe ndidauphonyawu."

"Mawa, Chisomo. Mabatire atha, ndiponso sunachire bwino."

"Ndachira."

Adawerenga chamumtima, chala chikutsata mizere. Adadutsa pomwe Takondwa adikira pa depoti mpaka minibasi yomaliza ya ku Lilongwe kunyamuka. Adadutsa pomwe mwana wogulitsa mandasi amupatsira kalata. Atafika pa kalatayo chala chidaima. Adabwerera pamwamba, ndipo ulendo uno adawerenga mokweza.

"Tikiti ya basi ya tsiku lija sindidataye. Ili m'buku langa la Biology, patsamba la mtima, kuti ndikamawerengera mayeso ndizikupeza pomwepo."

"Pamenepo ndi pomwe ndidalira ine," adatero Mwayi. "Tadala, mawu otere umawatenga kuti?"

Chisomo adatsika pabedi osayankhula. Adakoka sutikesi yake kunsi kwa bedi, adapisa dzanja pansi pa mayunifolomu n'kutulutsa envulopu yopindika m'makona. Adaipereka kwa Mwayi.

"Werenga ndime yachiwiri."

Mwayi adayamba ndi mawu amphamvu, koma atafika pa tikiti ya basi adatsitsa. Patsamba la mtima sadafikepo. Mawu adali omwewo, osasiyana ngakhale limodzi, ndipo pansi padali dzina la Limbani.

"Kalata iyi idandipeza mu May," adatero Chisomo. "Sindidaonetse munthu, ngakhale iwe amene timadyera mbale imodzi kuyambira Fomu 1. Udatsegula sutikesi yanga ndili kudwala?"

"Sindidagwire katundu wako. Mulungu ndi mboni."

"Nanga mawu a Limbani alowa bwanji m'buku lako?"

Wa bedi lam'mwamba uja adali atadzuka tsonga, ndipo mabedi ena adayamba kulira. Tadala adalumpha kuti alande kope. Chisomo adakoka, chikuto chakumbuyo chidang'ambika, ndipo m'kati mwa pepala lokutira mudagwa kapepala kopindidwa kanayi. Thoko adakatola asadaganize n'komwe, adakafunyulula pansi pa tochi.

Zilembo zake zidali zopendekera kumanzere, zofanana ndi za m'kalata ya Chisomo. Ndime yachiwiri idali ya tikiti ya basi yomwe ija.

"Tawerenga pamwambapo," adatero Chisomo.

Thoko adameza malovu. "Palembedwa kuti, 'Wokondedwa Tadala.' Tsiku lake ndi 14 February."

Kukhonde kudamveka mapazi ndi kulira kwa makiyi a amatironi, koma Chisomo sadazimitse tochi. Adaiwunikira kumaso kwa mnzake.

"Miyezi itatu ine ndisadalandire yanga. Undiuze pompano, Tadala: pakati pa iwe ndi ine, wolanda mnzake ndani?"

Yankho la Tadala mudzalimva m'gawo 6 sabata yamawa.