Kamphira ka pa Galasi la Galimoto: Kasintheni Mvula Isanagwe

Mwezi wa Okutobala ukafika, munthu wanzeru sadikira bingu kuti limukumbutse ntchito. Bambo amakwera pa denga kukafolera pamene udzu unaola, mayi amasankha mbewu, ndipo khasu limakhomeredwa bwino pa mpini wake. Koma pali kanthu kena kamene eni galimoto ambiri amakaiwala kufikira tsiku limene chizimalupsa chiwapeza pa msewu. Kanthuko ndi kamphira kaja kopukuta madzi pa galasi la kutsogolo, kamene amakaniko ndi madalaivala amakatcha waipa. Dzinali ndi lachilendo, koma m'chinenero chathu likuchenjeza lokha, pakuti waipa ikaipa, ulendo wonse waipa.

Diso la woyendetsa

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Tsono galasi likachita khungu kwa masekondi 3, woyendetsa wapita mamita oposa 60 osaona kumene akupita. Nanga m'mbali mwa misewu yathu mumayenda ndani? Si ana athu opita kusukulu, amayi osenza nkhuni ndi anyamata a kabaza kodi?

Mvula yoyamba ndiyo yoopsa koposa. Fumbi la chilimwe chonse ndi utsi wa mafuta zimakhala zitamatirira pa galasi, ndipo madzi akagwerapo pamasanduka phala. Madzulo ngumbi zimatuluka ndi kuphwanyikira pomwepo. Kamphira kotha sikachotsa phala limeneli, koma kamangolipaka uku ndi uku. Ndipo nyali za galimoto yochokera kutsogolo zikawalirapo, galasi lonse limangoti mbee. Musayesenso kuti mawaipa amapuma dzinja likatha, ayi. Amene amayenda ku Dedza ndi ku Chikangawa amadziwa nkhungu ya kumeneko, ndipo a ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi.

Kumene kanthuka kanachokera

Galimoto zoyamba zinalibe chopukutira galasi. Chaka cha 1902 mayi wina wa ku Alabama m'dziko la America, dzina lake Mary Anderson, anapita ku mzinda wa New York nyengo yozizira. Ali m'galimoto ya anthu ambiri yoyenda pa njanji, anaona woyendetsa akuvutika, natsegula zenera kuti aone njira, chifukwa chipale chinamata galasi. Atabwerera kwawo anaganiza za mkono wokhala ndi mphira, wopukusidwa ndi dzanja munthu ali m'kati, ndipo chaka cha 1903 boma linamupatsa chikalata cha umwini wa nzeruyo. Koma a malonda anaikana, ndipo mayiyo sanapindulepo ndalama.

Pambuyo pake John Oishei wa ku mzinda wa Buffalo anagunda munthu wa pa njinga usiku wa mvula, chifukwa sanamuone. Munthuyo sanafe, koma Oishei anagwidwa mantha kwambiri, kotero kuti chaka cha 1917 anayamba ntchito yopanga mawaipa, imene inakula kukhala kampani ya Trico. Chaka cha 1926 kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa kamakina ka magetsi koyendetsa mikonoyo. Taonani tsono: chida ichi sichinadze ngati chokometsera galimoto, chinabadwa ndi ngozi.

Chimene chimapha kamphira

Wina adzati, “Mawaipa anga sanagwire ntchito kuyambira Epulo, atha bwanji?” Yankho ndi lakuti kamphira kamakalamba ngakhale kali chigonere. Mphira ina imachokera ku utomoni wa mitengo, monga ija ya ku Vizara kufupi ndi Nkhata Bay, ina imapangidwa m'fakitale; koma yonse imaopa dzuwa. Mlomo wa kamphira ndi wopyapyala ndi wosongoka, ndipo uyenera kukhala wofewa kuti uzigonera uku popita ndi uku pobwera. Dzuwa la chilimwe ndi galasi lotentha zimauumitsa mpaka kuchita ming'alu, ndipo mchenga umaudya monga mwala udya mpeni. Nchifukwa chake opanga mawaipa amalangiza kusintha pakapita miyezi 6 kufikira 12.

Zizindikiro zake nzosavuta. Thirani madzi pa galasi ndi kuyatsa mawaipa. Akasiya mizere, akamalira kapena kudumphadumpha, akasiya chigawo chosapukutika, nthawi yakwana. Yendetsaninso chala pa mlomo wa kamphira: mukamva kuuma kapena kung'ambika, musazengereze, pakuti kamphira kakathothoka chitsulo chimakanda galasi, ndipo galasi ndi la mtengo wapatali kuposa mawaipa ambirimbiri.

Pogula

Yezani mawaipa onse awiri, chifukwa pa galimoto zambiri ya kwa dalaivala imatalika kuposa inzake. Ogulitsa amawerenga utali m'mainchesi, ndipo inchesi imodzi ndi masentimita 2 ndi theka. Njira yosaphonya ndiyo kutenga waipa yakale popita kusitolo ndi kuilinganiza ndi yatsopano, utali wake ndi pokolekera pake pomwe. Galimoto ikakhala ndi waipa ya kumbuyo, musaiiwale.

Kusintha waipa yonse

Choyamba, zimitsani injini ndi kudzutsa mkono wa waipa kuti uimirire. Pali galimoto zina zimene mikono yake imabisala pansi pa boneti. Zimenezo musazikakamize, yambani mwaona buku la galimotoyo.

Chachiwiri, yalani thaulo kapena chitenje chopinda pa galasi. Ichi musachipeputse, pakuti mkonowo uli ndi sipuling'i yamphamvu, ndipo ukapulumuka m'manja uli chitsulo chokha ungathe kuswa galasi.

Chachitatu, penyani pamene waipa yalumikizana ndi mkono. Mikono yambiri imathera mopindika ngati mbedza. Pamenepo pali kalilime ka pulasitiki. Kadinikizeni, ndipo tsitsirani waipa cha ku tsinde la mkono mpaka ituluke m'mbedza.

Chachinayi, lowetsani yatsopano m'njira yomweyo, ndi kuikokera m'mbedza kufikira mumve kuti “khethe”. Igwedezeni pang'ono kuti mutsimikize kuti yagwira. Ngati mlomo wake wabwera utavala kachikopa ka pulasitiki, kavuleni. Kenaka gonekani mkono pang'onopang'ono.

Sinthani imodzi imodzi, kuti mukasokonezeka inzake ikhale mphunzitsi wanu.

Kusintha kamphira kokha

Kwa banja losunga ndalama pali njira ina. Mawaipa ambiri, makamaka a galimoto zochokera ku Japan zimene zachuluka kuno, amalola kusintha kamphira kokha. Koma njirayi ipindula pokhapokha chitsulo chogwira kamphira chili changwiro. Chikachita dzimbiri, chikapindika, kapena mfundo zake zikamagwedera, kamphira katsopano sikadzagona bwino pa galasi, ndipo mudzangotaya ndalama.

Yambani mwayeza kukula kwa msana wa kamphira, pakuti tina ndi ta mamilimita 6, tina 8, ndipo kosiyana msinkhu sikalowa, kapena kamavuka pa ulendo. Kamphira kamagwidwa ndi tizala tachitsulo, ndipo mbali imodzi kali ndi kampata kamene chala chomaliza chimalowamo. Gwirani mbali imeneyo ndi kusolola mwamphamvu. M'mbali mwake mudzapeza tizitsulo tiwiri tatitali, topyapyala, musatitaye. Ngati kamphira katsopano kabwera kopanda take, sunthiranimo takaleto, ndipo samalani kuti tipindikire kumene tinapindikira kale. Tsono lowetsani mbali yopanda kampata poyamba, kuidutsitsa m'tizala tonse osadumpha ngakhale kamodzi, mpaka chala chomaliza chikhale m'kampata kake. Pamenepa mpofunika mtima wofatsa, paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mukatsiriza, tsukani galasi bwinobwino ndi kuyesa mawaipa ndi madzi, galimoto ili pabwalo. Pa msewu si poyesera.

Kasamalidwe kake

Pukutani mlomo wa kamphira ndi kansalu konyowa nthawi zonse mukamatsuka galimoto. Musayatse mawaipa pa galasi louma lafumbi. Kachigubu ka madzi otsukira galasi kasakhale kouma; thiranimo madzi oyera, osati a sopo waufa wochapira zovala, amene amasiya chifunga ndi kutseka timabowo tofairira madzi. Timabowoto tikatsekeka, singano imatitsegula. Petulo ndi parafini zisakhudze kamphira. Ndipo pamene pali mthunzi, imikani galimoto pamenepo.

Mawu otsiriza

Abale, ntchito yonseyi sitenga nthawi yoposa yophika nsima, ndipo mwana wamkulu angathe kuiphunzira ataima pambali pa bambo wake. Inu amayi, kumbutsani pakhomo, monga mukumbutsa za denga. Inu oyendetsa minibasi ndi malole, anthu amene mwanyamula akupatsani miyoyo yawo osakudziwani. Musawayendetse mukupukuta galasi ndi nsanza, dzanja lili kunja. Ndipo mvula ikakula kotero kuti ngakhale mawaipa atsopano alephera, patukani pamalo abwino, yatsani nyali zochenjeza, ndi kudikira. Tsoka silinunkha, koma ili lokha tingathe kuliona lisanafike. Mawa m'mawa dzutsani mkono wa waipa, muyendetse chala pa kamphira, ndipo kakakhala kouma kasintheni mitambo isanasonkhane.