Hanemuni ya ku chilumba: kambiranani za likodzo asananyamuke

Ndalama za perekaniperekani zikachuluka, maanja atsopano ambiri safunanso kugona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya makolo. Ngakhale ku Chambe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mumva mwana wanu akunena kuti ukwati ukatha apita ku hanemuni kunyanja. Ena amalakalaka kukwera sitima ya Ilala mpaka ku Likoma, ena zilumba za Mumbo ndi Domwe kufupi ndi Cape Maclear. Powathandiza kuwerengera ndalama za mayendedwe ndi malo ogona, muikepo nkhani ya likodzo.

Tizilombo ta likodzo timaswana mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi. Munthu wodwala akakodzera m'nyanja, mazira a nyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhonozo. Patapita masabata angapo, timatuluka tili tambiri n'kumasambira. Timaboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kungoviika mapazi. Simufunika kumwa madziwo kuti mudwale, ndipo tizilomboti sitioneka ndi maso, choncho madzi oyera ngati galasi asakupusitseni. Kafukufuku wa ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear (osati Chambe wathu), adasonyeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi, nkhono zidachuluka ndipo likodzo lidakwera pakati pa ana asukulu.

Chovuta kwa banja latsopano n'choti matendawa sadziwonetsa msanga. Pamatha kupita miyezi iwiri kapena itatu, ulendo utaiwalika kale. Mwamuna amayamba kuona magazi kumapeto kwa mkodzo, nthawi zina mu umuna. Mkazi amatha kumva kuyabwa kumaliseche, kutuluka chikazi chachilendo, kumva ululu pogonana kapena kutaya magazi akatha kugonana. Izi zimafanana kwambiri ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo apa m'pamene kulozana chala kumayambira: wayenda ndani? Nkhani imafika kwa ankhoswe, pamene palibe wachimwa. Likodzo silipatsirana pogonana. Inu ankhoswe ndi odzipereka pa zaumoyo m'mudzi, mlandu wotere ukakupezani, funsani kaye ngati awiriwo adasambako kunyanja, kumtsinje kapena padziwe, kenaka atumizeni onse awiri kuchipatala. Akafika akauze dokotala za kusambako, apo ayi akhoza kulandira mankhwala a matenda ena. Likodzo losachizidwa limawononga chikhodzodzo, limatha kulepheretsa mayi kutenga pakati, komanso zilonda zake zimapatsa mpata kachilombo ka HIV.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Mlingo umatengera kulemera kapena kutalika kwa munthu, ndipo amamwa atadya. Pali cholakwika chomwe apaulendo ambiri amachita: kugula mapiritsi m'golosale ya kunyanja n'kumwa tsiku lobwerera. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikuluzikulu, pamene zazing'ono zimapulumuka. Ndi bwino kudikira masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kusamba, ndiye n'kupita ku Chambe Health Centre kapena chipatala cha boma ku Mulanje. Lembani tsikulo m'buku la kuchipatala kuti lisaiwalike.

Kunena zoona, kuuza anthu amene angokwatirana kuti asasambe m'nyanja n'kutaya nthawi. Auzeni apewe malo a bango ndi udzu, komanso pagombe pomwe anthu ambiri amachapa. Madzi osamba otungidwa m'nyanja awiritse, kapena akhale m'ndowa masiku awiri. Kudzipukuta ndi thaulo pakokha sikuteteza.

Neti yonyikidwa m'mankhwala ilowe m'chikwama, poti si malo onse ogona omwe ali ndi neti yosang'ambika. Thupi likatentha, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Ku Likoma kuli chipatala cha St Peter's, koma pa Mumbo ndi Domwe palibe chipatala. Wodwala amayenera kuwoloka pa boti. Amene amamwa ma ARV kapena mapiritsi olera atenge opitirira masiku a ulendo, chifukwa mphepo ya mwera, yomwe imakula pakati pa Meyi ndi Ogasiti, imatha kuchedwetsa sitima ndi maboti. Ndipo boti lopanda majekete oyandamitsa asakwere, ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo.